Tsiku limene ndinakhala mwala ku Kanengo

Lachinayi lapitali ndinaswera pansi m'mbali mwa mpanda wina ku Kanengo, kutsogolo kwanga kuli botolo lopanda kanthu, kumbuyo kwanga silipasi imodzi yobiriwira. Sindinaledzere ayi. Mutunso uli bwinobwino, ngakhale mayi a kunyumba akukayika. Ndinali pantchito, ndipo ntchito yake inali yokhala mwala.

Dekhani ndifotokoze. Mwina pofotokozapo nanenso ndimvetsa, chifukwa mpaka lero mutu wanga sunakhazikike.

Lachiwiri masana ndinkachokera kogula chakudya cha nkhuku, ndili panjinga yanga yakalekale ija. Ndikudutsa pafupi ndi geti la kampani ina ya fodya, kotapini inayamba kugwedera, chopondera n'kumangoti gwedegwede. Aliyense wopalasa njinga amadziwa mankhwala ake: mwala basi.

Nditatsika ndinaona zinthu zitandandalikidwa m'mbali mwa mpandawo. Miyala, zidutswa za njerwa, mabotolo, chivundikiro cha poto, nsapato zopanda zinzake. Ndinapukusa mutu. Mumtima ndinati, taonani uve wa anthu a m'tauni, mpaka kutaya zinyalala pamzere ngati ana a sukulu pa asembule!

Ndinasankhapo mwala wabwino, wophwatalala, wokwana m'dzanja, uli ndi kadontho kofiira pamwamba. Kho! Kho! Kotapini inalowa. Poti njinga yangayo ndimaidziwa khalidwe lake, mwalawo ndinauponya m'jumbo n'kupita nawo. Kufika kunyumba ku Area 25, ndinautsamiritsa chitseko cha khitchini chimene chimavuta ndi mphepo, n'kuiwalako.

Lachitatu chakummawa tikumwa tiyi pakhonde, anatulukira mayi a Tadala. Amenewa amakhala m'kanyumba ka kuseri kwathu, papuloti yomweyi. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ndi amuna awo kudzasaka ntchito, amunawo anapitirira ku Joni, ndipo kuyambira pamenepo kuli zii. Mayiwa amachapa zovala m'makomo mwa anthu, koma chimene chimawasunga m'tauni muno ndi ntchito ya sizoni, yosankha fodya ku Kanengo. Akaiphonya chaka chino, anatiuza kale, alongedza kubwerera kumudzi, ndipo mwana wawo Tadala asiyira Fomu 3 panjira.

Anakhala pansi osadikira mpando.

"Amayi, mwala wanga wasowa," anatero kwa mayi a kunyumba.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinaseka. "Mwala? Kodi miyala yatha mu Lilongwe muno?"

Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija limandiuza kuti ndimwe tiyi wanga mwakachetechete.

"Ndinabukitsa malo, aphunzitsi," anatero mayi a Tadala. "Kampani ija ikulemba anthu Lachisanu. Anthu tinayamba kuika zinthu Lolemba. Ine ndinalawirira, ndinali kutsogolo ndithu. Lero ndapita kukaonekera, mwala palibe, mpata watsekeka. Akuti ndikayambe kumapeto. Kumapetoko ndi kuseri kwa mpanda, kungalande. Kumeneko kapitawo safikako n'komwe."

"Unali wotani mwalawo?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Wophwatalala chonchi. Ndinaudontheza penti yofiira ya m'zikhadabo, ya Tadala, kuti ndisausokoneze."

Ndinaika kapu ya tiyi pansi.

Ndinaona maso a mayi a kunyumba akuyenda pang'onopang'ono kuchoka pankhope ya mlendo, kudutsa pakhonde, mpaka pachitseko cha khitchini. Mwala uja unali pomwepo, phee, kadontho kofiira kali m'mwamba.

Ndisakunamizeni, abale anga, ndinaganiza zoimirira n'kukauphimba ndi phazi. Munthu wamkulu ngati ine, wa imvi, wampingo. Maganizo amenewo anandifikira ndithu, ndipo ndikuchita nawo manyazi.

"Bambo a Mphatso," anatero mayi a kunyumba, "talankhulani."

Ndinalankhula. Ndinafotokoza za kotapini, za chitseko, za mphepo, zonse zosathandiza. Mayi a Tadala sanakalipe. Anangoutola mwala uja, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu?"

Bola akanandinyoza.

Tsono apa ndi pamene pandizunguza mutu. Ine ndaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma pantchito. Liwu loti book ndaliphunzitsa kangati? Ndinkaima kutsogolo, choko m'manja, n'kumawauza ana kuti liwuli lili pawiri. Likakhala dzina, ndi buku lomwe timawerengali. Likakhala mneni, ndi kusungitsa malo pasadakhale, ndipo amatero chifukwa dzina lako limalembedwa m'buku. Ndinkafotokoza monyadira, ana n'kumalemba, ine n'kumadziona ngati mwini wake wa liwulo.

Liwu lomwelo linatuluka m'kalasi mwanga, linavala chitenje, n'kukhala kubukitsa. Ndipo kumene linapitako silinatenge buku, silinatenge cholembera, silinatenge ndi dzina lomwe. Linatola mwala.

Tayang'anani nokha mmene timabukitsira kuno. Mu minibasi ya ku tauni munthu amasiya jumbo ya tomato pampando wa pawindo n'kutsika kukagula mayunitsi, ndipo palibe amene amaisuntha. Pakiyosiki ya madzi zidebe zimafola mpopi usanatsegulidwe, eni ake akusesa kunyumba. Kuchigayo matumba ndi amene amadziwa woyamba ndani. Mafuta akasowa, zigubu zimaima padzuwa m'malo mwa anthu. Kutchalitchi tsiku la ukwati, mpango umodzi umasunga benchi yonse ya akuchikazi. Ngakhale mnyamata akaonekera kwa malume a mtsikana, anzake amati, "Ameneyo musiyeni, anabukitsidwa kale."

Zonsezi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Inenso ndasiyapo nyuzipepala pampando. Nanga zinatheka bwanji kuti ndione mzere wa anthu n'kuutcha zinyalala? Kodi n'chifukwa choti jumbo ya tomato imaoneka kuti ili ndi mwini, pamene mwala umaoneka ngati wa Mulungu? Kapena n'chifukwa choti sindinafolepo pageti kufuna ntchito? Sindikudziwa. Safunsa anadya phula, ndipo pamalopo panali anthu oti ndikanawafunsa.

Chondidabwitsa china n'chakuti kumene kuli buku lenileni ndi kumene zinthu zimasokonekera. Mphwanga anabukitsa holo ya ukwati wa mwana wake, dzina linalembedwa m'buku lalikulu lachikuto cholimba, chidindo pha! Tsikulo litafika anapeza mkati muli ukwati wina, anthu akuvina kale. Koma mwala wopanda dzina unagona panja kuyambira Lolemba, anthu osauka mazanamazana akuudutsa, osaukhudza. Anadzausuntha ndi mphunzitsi wa Chingerezi.

Lachinayi mmawa ndinavala jekete, ndinatenga mwala, ine ndi mayi a Tadala ulendo wa ku Kanengo. M'njira ndinkakonza mawu oti ndikalankhule ndi akuluakulu a kampani. Ndinali nditasankha kale Chingerezi chake, chija chimatsegula zitseko.

Mlonda wa pageti anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Bambo, za mzerezo kampani sizikuikhudza," anatero. "Ife timangotsegula geti, kapitawo n'kuwerenga kuyambira kutsogolo mpaka pamene akwanira. Za miyala kaonaneni ndi a Nabanda."

A Nabanda ndi mayi wina wamkulu thupi amene amaotcha chimanga pansi pa mtengo moyang'anizana ndi getilo. Palibe anawasankha, palibe amawalipira. Kungoti amakhala pamenepo tsiku lonse ndipo maso awo saiwala. Amadziwa kuti chivundikiro cha poto n'cha uje, njerwa yopsa mbali imodzi ndi ya uje.

Ndinayamba ndi moni wautali, kenako ndinalowa m'nkhani mozungulira. Anandidula.

"Ndinu munatola mwala Lachiwiri. Wa njinga yakuda. Ndinakukuwirani, inu n'kumangopalasa."

Ndinakumbukiradi kuti kunamveka mawu kumbuyo. Ndinkayesa akunditsatsa chimanga.

"Ndiye ndaubweza, mayi," ndinatero. "Tingoubwezera pamalo pake, nkhani ithe."

A Nabanda anatembenuza chimanga pamakala, osandiyang'ana. "Mungoubwezera? Abambo, mwaona ngati ndi shelefu ya m'nyumba mwanu? Mwala ukachoka, mzere umatseka. Onse a kumbuyo asendera kutsogolo, ndipo aliyense wawerenga kale kuti ali pati. Lero mukalowetsapo mwala, mawa kuno kukhala nkhondo. Anena kuti ndadya za mayiwa."

"Nanga titani?"

"Lamulo lake n'lakuti aliyense amabwera kamodzi patsiku kudzaonekera, kuti tidziwe kuti chinthu chake chili ndi mwini. Inuyo mukhale pamene panali mwalapo. Aliyense wa kumbuyo akabwera, mumuuze ndi pakamwa panu zimene munachita. Akavomera onse, mwala ubwerera. Akakana mmodzi, basi, mayiwa akupita kungalande."

"Ndikhale pansi? Ine?"

"Mwala umakhala pampando?"

Amayi amene anali pafupi anafa nazo nseko. Mayi a Tadala sanaseke. Anali ndi zochapa za anthu zikuwadikira, ndiye anandisiya pomwepo, pakati pa botolo ndi silipasi, mwala uli pamiyendo panga.

Abale, mlandu suwola, koma wanga unanunkha tsiku lomwelo. Anthu ankabwera mmodzimmodzi. Wina ali ndi khasu, akuchokera kuganyu. Wina wasenza beseni la masamba ogulitsa. Wina wathawa kaye pamene amaphwanya miyala, manja ali mbuu. Aliyense ankayang'ana chinthu chake, n'kugwedezera mutu a Nabanda, kenako n'kudabwa kuona mdala wa jekete atakhala pafumbi.

Ndipo ine ndinkayamba: "Pepani, ine ndine ndinatola mwala wa mayi a Tadala."

Ndinanena mawu amenewa mpaka lilime linazolowera. Ena ankaseka. Bambo wina anandifunsa ngati kwathu kulibe miyala, funso langa lomwe lija litandibwerera. Mayi wina anakalipa kwa nthawi ndithu, akuti anthu ophunzira ndi amene mwationongera dziko, kenako anati, "Chabwino, ubwerere, koma musadzayambirenso." Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale anandizindikira, n'kuvula chipewa. Tonse tinangoyang'ana kumbali.

Ndili pansipo ndinayamba kuona chimene sindinkachiona ndili panjinga. Munthu sasiya mwala chifukwa cha ulesi. Amausiya chifukwa akufunika malo awiri nthawi imodzi, ndipo thupi ali nalo limodzi. Akaima pamzere masiku anayi, ana adya chiyani masiku anayiwo? Ndiye mwala umaimirira ntchito ya mawa, mwini wake akuthamangira ya lero.

Komabe musandifunse ngati zimenezi n'zachilungamo, chifukwa pamenepo ndasokonezeka. Nanga amene wabwera ndi miyendo yake Lachisanu mbandakucha, n'kupeza kutsogolo kwake kuli njerwa makumi angapo? Nanga mlendo wochokera kumudzi amene sakudziwa kuti kuno njerwa ndi munthu? Nanga a Nabanda akadzadwala tsiku lina, buku lonse lili m'mutu mwawo, zidzatha bwanji? Ndipo n'chifukwa chiyani kampani yokhala ndi makompyuta ndi mabuku osawerengeka imasiya anthu akuluakulu kuti azisungitsa moyo wawo ndi chivundikiro cha poto? Ndinafunsa a Nabanda funso lomalizali.

"Analembapo maina chaka china," anatero. "Tsiku lolemba ntchito tinapeza m'bukumo muli maina a anthu amene sitinawaonepo pano. Bola miyala, abambo. Mwala sulowa pakhomo la kuseri."

Anandipatsa chimanga theka, ndinadya.

Dzuwa litapendeka anali atavomera onse kupatula mmodzi, mwini silipasi yobiriwira ija, amene anali kumbuyo kwanga kwenikweni. A Nabanda anati mawu ake ndi amene alemere kuposa onse, poti ndiye anasendera pamalo penipeni pa mwalawo.

Anafika chakumadzulo. Mayi wachitsikana, wowonda, mwana kumbuyo, akuti amachokera ku Mgona. Ndinaimirira, mawondo akulira, n'kunena mawu anga aja. Anandimvetsera akugwedeza mwana. Kenako anayang'ana kutsogolo kwa mzere, milomo ikuyenda. Ankawerenga. Anawerenga kawiri.

Akanangoti sindikuudziwa mwala umenewo, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanamuimba mlandu.

"Wa kadontho kofiira?" anafunsa.

Ndinamuonetsa.

"Ndinaupezadi Lolemba. Anali patsogolo panga mayiwo." Anayang'ananso mzere uja. "Ngati anali patsogolo, anali patsogolo. Ubwezereni."

Anawerama, n'kukokera silipasi yake m'mbuyo pang'ono kuti mwala upeze malo. Ndinauika pansi ndi manja awiri. Ndinathokoza mpaka kubwerezabwereza, iye anangoti, "Zikomo, bambo," n'kumapita.

Lachisanu ndinapita nawo, ngakhale panalibe amene anandiitana. Zinthu zija zinali zitasanduka anthu. Pamene panali botolo panaima bambo wamtali, pamene panali chivundikiro panaima gogo wovala duku, aliyense chinthu chake chili kumapazi. Mayi a Tadala anaima pamwala wawo, kumbuyo kwawo mayi wa ku Mgona uja.

Geti linatseguka. Kapitawo anatuluka, n'kuyamba kugunda anthu paphewa mmodzimmodzi. Lowani. Lowani. Lowani. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa a Nabanda. Anagunda bambo wa botolo. Anagunda mayi a Tadala.

Kenako anatsitsa dzanja pakati pa iwo ndi mayi wa ku Mgona.

"Basi, takwana. Enanu mudzamva."

Mayi a Tadala analowa, akucheuka. Tadala apitiriza sukulu. Ndinayenera kusangalala, ndipo mbali ina ndinasangalaladi. Koma maso anga anali pa mayi wa mwana kumbuyo uja, amene dzulo lake anawerenga kawiri.

Sanalire, sanatsutse. Anamasula kajumbo kamene kanali m'chiuno, n'kutulutsamo silipasi ina yobiriwira. Anaiponya pansi pafupi ndi inzake ija, n'kuvala zonse ziwiri. Apo m'pamene ndinayang'ana mapazi ake. Anali ong'ambika, otuwa ndi fumbi. Sabata yonse ankayenda osavala kanthu kuphazi kuchokera ku Mgona, chifukwa nsapato yake inali pamzere.

Ndinamutsatira. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kunena. Chimene chinatuluka ndi funso lopusa.

"Mayi, bwanji simunangoika mwala ngati anzanu?"

Anandiyang'ana, osati mwaukali.

"Mwala anthu amatola, bambo. Silipasi imodzi angaitole ndani?"

Anakonza mwana kumbuyo n'kuuyamba ulendo wa ku Mgona, silipasi zikulira phya, phya, phya.

Kunyumba mayi a kunyumba akuti ndinachita bwino, ndinakonza chimene ndinalakwitsa. Mayi a Tadala anabwera ndi nthochi kudzathokoza, ndipo mwala uja anandipatsa, akuti ndizitsamiritsa chitseko changa mwamtendere. Uli pomwepo pakhitchini, kadontho kofiira kali m'mwamba. Ndikaudutsa ndimayang'ana kumbali.

Ndikanapanda kuutola, mayi wa ku Mgona akanatsala panja chimodzimodzi, zimenezo ndikudziwa. Ndawerengera mobwerezabwereza ndipo zikutuluka choncho. Koma ndine amene ndinamuika ntchito m'manja kwa masiku awiri, ndinenso ndinapita kukamupempha kuti aibweze, ndipo anaibweza. Ine pakhonde panga ndinafuna kuphimba mwala ndi phazi. Iye, wopanda nsapato kuphazi, anasuntha silipasi yake yekha.

Ndiye ndikufunseni inu amene mumadziwa Chingerezi kuposa ine. Zaka zonse zija ndinkauza ana kuti kubukitsa ndi kulembetsa dzina m'buku. Mayi uja dzina lake sindinalifunse n'komwe. Kodi lalembedwa m'buku liti?